Wopita Ndani, Wotsala Ndani

Amalume anga anali mtchona. Kwathu ku Ntcheu mawu amenewa sitinkawatchula amayi ali pafupi, chifukwa mtchonayo anali mlongo wawo yekhayo, amene anakwera basi amayi akadali kamtsikana, kupita ku migodi ya ku Joni, osabwereranso. Mwini mbumba wathu anali iwowo. Tinakula opanda wotiimira pa milandu, ndipo mnyamata akabwera kudzafunsira mbeta tinkachita kubwereka amalume a anthu ena. Ine ndinakula ndikudana ndi munthu amene ndinali ndisanamuonepo.

Ndiye mutha kumvetsa mmene zinandiwawira kuti amayi atamwalira, ine nditafika ku Pretoria ndi kachikwama kamodzi, khomo limene ndinakagogoda linali la amalumewo. Ndinawapeza ku Nellmapius, m'kanyumba kakang'ono ka boma, kumbuyo kwake kuli zipinda ziwiri za malata. Anali atakalamba, aatali, owonda, chifuwa chikulira ngati chitseko chosowa mafuta. Anandiyang'ana nthawi yaitali pageti, kenako anavula chipewa.

"Amayi," anatero.

Akuti nkhope yanga inali ya amayi awo, agogo anga, osachotsapo kanthu. Kuyambira tsiku limenelo sananditchulepo dzina. Ndinali amayi basi, ndipo ankandilankhula mwaulemu wonse, ngakhale pondikalipira kuti ndataya madzi a sopo pa mpiru wawo. Mkwiyo umene ndinabwera nawo ndinausunga miyezi ingapo, koma chibale ndi fupa, sichiola. Anandipatsa chipinda chimodzi cha malata, ndipo ndakhala momwemo zaka khumi ndi chimodzi.

Mkazi wawo, mayi wa ku Mamelodi, anali atamwalira kale. Pakhomo panatsala mwana wawo wamkazi woyamba, msuweni wanga, mayi wamkulu kuposa ine, wogwira ntchito yosoka. Iyeyo amalankhula Chisutu, Chizulu ndi Chingerezi, koma Chichewa ankadziwa zikomo yekha. Amalume sanawaphunzitse ana awo. Ankati masiku amenewo kumveka kuti ndiwe wa ku Nyasa kunali kudziitanira mavuto, ndiye Chichewa anachipinda n'kuchiika pansi pa sutikesi. Chinadzatuluka ine nditabwera, chili chakale, chonunkha kanfa, chodzaza ndi mawu amene ife tinasiya kalekale. Golosale ankati kantini, ndipo aliyense wa boma kwa iwo anali mtsamunda.

M'mawa uliwonse popita ku ntchito ndinkadutsa pawindo la chipinda chawo. Ankakhala atadzuka kale, katani atakankhira pambali. Ine ndinkati, "Ndapita amalume, tsalani bwino." Iwo ankati, "Pitani bwino amayi, mukafike." Ngakhale titagona titakangana, ngakhale kukhale chisanu chotani, mawu amenewa sankalephera. Nthawi zina ndinkawanena ndikutafuna buledi, ndikuthamangira takisi, osayang'ana n'komwe pawindopo.

Ntchito yanga ndi ya m'nyumba, ku Queenswood, kwa mayi wina wachizungu amene anapuma pa uphunzitsi. Ndi iyeyo amene anandilowetsa kwaya. Tsiku lina ndikusita anandimva ndikuimba, ndipo anaima pakhomo ndi kapu ya tiyi mpaka ndinamaliza. Anandifunsa ngati ndimadziwa kuwerenga nyimbo. Ndinati za do re mi ndimadziwa, ndinaziphunzira kwaya ya ku mpingo kwathu, koma timadontho tawo takuda tija ayi. Loweruka lotsatira ananditenga pa galimoto yake kupita ku Hatfield.

Kwaya yathu si ya mpingo, si ya sukulu, ndipo palibe amene amaimba kuti adye. Tilipo anthu osapitirira makumi awiri ndi anayi. Muli madokotala awiri, aphunzitsi, ana a ku yunivesite, bambo wokonza mafiliji, namwino wachizulu, ndi ine wochapa mbale. Timakumana Loweruka masana m'kaholo ka tchalitchi china. Tsiku loyamba ndinangoti anthu awa akudwala. Kwathu munthu akamaimba mawu amamveka kutsidya kwa mtsinje, phazi likugunda pansi, koma awa ankaima njo, mafayilo akuda m'manja, kumaimba ngati akuopa kudzutsa khanda. Kwayamasitala wathu, mayi wamfupi woika pensulo m'tsitsi, anandiuza kangapo kuti nditsitse mawu, mpaka ndinafuna kumufunsa ngati tabwera kudzaimba kapena kudzanong'ona. Koma patapita miyezi khutu langa linatseguka. Ndinamva mmene mawu a anthu makumi awiri amasandukira mawu amodzi, ndipo ndinayamba kuikonda kwayayo kuposa mmene ndinkafunira kuvomera.

Amalume ankandiseka. Loweruka ndikamatuluka ndi fayilo yanga ankati, "Amayi akupita kukalira ndi azungu." Sanabwerepo ku konsati yathu ngakhale imodzi. Ankati nyimbo za Chilatini ndi Chijeremani angamvemo chiyani munthu wa ku Ntcheu.

Zinasintha atamwalira mnzawo womaliza wa ku migodi, mkulu wina wa ku Dedza amene ankakhala ku Mamelodi. Tinapita kumaliro limodzi. Nyimbo zinali zabwino ndithu, amayi a mvano akuno amaimba mpaka tsitsi kuima, koma zonse zinali za Chisutu ndi Chizulu. Titafika kunyumba anakhala pa mpando wawo wa pakhonde, jekete osavula.

"Amayi, mwamva mmene amuikira mnzanga uja? Palibe ngakhale liwu limodzi la kwawo. Wapita ngati katundu wosalembedwa. Nanga ine adzandiimbire ndani?"

Ine pakamwa panga sipachedwa. Ndinati, "Amene munawasiya kumudzi ndi amene akanakuimbirani."

Anangovula chipewa n'kumachizunguza pa bondo. Mawu amenewo ndimawamvabe chisoni mpaka lero, chifukwa munthu anandiululira mantha ake enieni, ine n'kumubaya pomwepo. Imfa sankaiopa. Chimene ankaopa n'kulowa m'dothi la eni popanda womunenera liwu limodzi la Chichewa. Ine ndinalipo, inde, koma munthu mmodzi saimba maliro, ndipo mnzawo wa bawo, bambo wa ku Mangochi wogulitsa nsalu, anali atalongedza kale n'kubwerera kwawo.

Chaka chomwecho kwaya yathu inagwirizana kuti tatopa n'kuimba nyimbo za anthu amene anafa kalekale, tipemphe munthu wamoyo atipekere nyimbo yathuyathu. Anapeza mnyamata wina wophunzitsa za nyimbo, wolankhula Chiafirikansi, wamanyazi, wa ndevu zosapesa. Iye anati akufuna kupeka nyimbo ya kutsanzikana, ndipo aliyense wa ife alembe papepala mawu amene kwawo amanena posiyana, ndi tanthauzo lake m'Chingerezi. Ena anabweretsa Chiafirikansi, ena Chizulu, mayi wina Chipwitikizi. Ine ndinaganiza za amalume. Ndinati mwina apa ndipamene ndingabweze mawu anga oipa aja.

Nditawapempha amalume mawuwo anati aganize kaye. Anaganiza masiku atatu, ine n'kumayembekezera ndakatulo. Tsiku lachitatu anandiitana pakhonde n'kundiuza za m'mawa umene anachoka kumudzi. Anati amayi awo anawaperekeza mpaka pamsewu, atasenza kasutikesi kawo pamutu ngakhale iwo anali mnyamata wamphamvu. Basi itafika sipanakhale mawu ambiri. Iwo anati, "Tsalani bwino." Amayi awo anati, "Pitani bwino, mukafike." Basi inanyamuka, ndipo sanaonanenso.

"Zomwezo basi?" ndinafunsa.

"Zomwezo. Mukufuna ndiwonjezere bodza?"

Ndinalemba mizere iwiriyo kumbuyo kwa envulopu. Pa tanthauzo ndipamene ndinalakwitsa. Ndinali pa changu, ndipo m'mutu mwanga munalibe zoti pali munthu padziko amene sadziwa kuti wopita ndiye amati tsalani, wotsala n'kumati pitani. Ndinalemba liwu limodzi lomwelo la Chingerezi lotsanzikira pa mizere yonse iwiri, n'kupereka. Mnyamata uja naye sanafunse. Amati safunsa anadya phula, koma apa womudyetsa phulalo ndinali ine.

Nyimbo inabwera patapita miyezi inayi. Kwayamasitala anatigawira mapepala akadali ofunda, n'kutifotokozera maganizo a wopeka. Nyimboyo ndi ya munthu mmodzi amene akuchoka kwawo, ndipo mudzi wonse ukumuperekeza. Zilankhulo zonse zimabwera motsatizana, koma mathero ake ndi Chichewa, chifukwa akuti mawu ake anamukomera m'khutu. Pamenepo bambo wa besi, wokonza mafiliji uja, amachoka pamzere n'kuyenda pang'onopang'ono pakati pa anthu kulowera kukhomo, akuimba yekha, ife otsala tikumuyankha chapansipansi. Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe. Kenako ndinatsegula tsamba lomaliza.

Wopitayo anamupatsa mawu akuti pitani bwino. Ife a m'mudzi, oima malo amodzi, anatipatsa akuti tsalani bwino. Zinali ngati munthu wavala malaya chotembenuza n'kupita nawo ku ukwati.

Ndinayang'ana uku ndi uku. Aliyense anali kalikiliki kulemba ndi pensulo mmene angatchulire tsa. Kwayamasitala anandipempha kuti ndiime ndiwaphunzitse katchulidwe, ndipo ndinaima, n'kuwaphunzitsa bwinobwino, osanena kanthu. Pa nthawi ya tiyi namwino wachizulu uja anandikokera pambali.

"Sisi, tsalani wanuyu si salani wathu yemweyu? Eish, ndiye akuchoka ndani apa, ifeyo?"

"Zisiyeni," ndinatero. "Kwathu zimatheka."

Linali bodza, ndipo iye anadziwa kuti ndi bodza, koma anangokweza mapewa. Ndadzifunsa kambirimbiri chimene chinanditseka pakamwa, ine amene sindichedwa kuyankha. Mapepala anali atasindikizidwa kale, dzina la wopeka lili pamwamba. Anthu onsewo anali ophunzira, ndipo ine ndinalowa m'holomo pa galimoto ya abwana anga. Kunena kukanatanthauza kuimirira pamaso pawo n'kuvomera kuti chinthu chimodzi chokha chimene anandipempha, cha chilankhulo changa chomwe, ndinachilakwitsa. Kwa eni kulibe mkuwe. Ndinadziuza kuti palibe Mmalawi amene adzabwere kudzamva, ndipo amalume sapita ku makonsati.

Koma ulendo uno anati apita. Ndinayesa kuwagwetsa ulesi, ndinati holoyo ili ndi masitepe ambiri, mipando yake ndi youma, chifuwa chawo chidzasokoneza anthu. Anandiyang'ana n'kunena kuti mawu awo akaimbidwa, ndiye eni mawu akhale kunyumba? Anatulutsa suti yawo ya bulawuni n'kuiyanika padzuwa masiku awiri.

Konsatiyo inali Lamlungu masana, mwezi wa Okutobala, misewu ya Hatfield itafiirira ndi maluwa a jakaranda. Msuweni wanga anabwera nawo pa takisi. Chifukwa cha chifuwa anasankha mpando wakumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khomo, kuti akatsokomola atuluke msanga. Ine ndili kutsogolo pamzere wa alito ndinkawaona bwinobwino, chipewa chili pa bondo. Nyimbo zoyamba zonse ndinaimba ngati munthu woyembekezera chigamulo.

Itafika nyimbo yatsopano, holo inakhala chete. Zilankhulo zinadutsa chimodzichimodzi. Kenako bambo wa besi anatuluka pamzere n'kuyamba kuyenda. "Pitani bwino," anaimba, mawu ake akulu, ozama. Ife tinayankha, "Tsalani bwino." Ndinaona mutu wa amalume ukudzuka. Ndinaona mapewa awo akugwedezeka, ndipo ndinadziwa kuti akuseka. Ndikanakonda pansi pakanatseguka. Bamboyo anapitiriza kuyenda, ife mawu athu akucheperachepera monga analembera wopeka, kuyamba kusiya a sopulano, kenako a tenala, mpaka tinatsala atatu, kenako palibe. Iye anakafika pakhomo, pambali penipeni pa mpando wa amalume, n'kuimba komaliza yekhayekha, "Pitani bwino, mukafike." Pamenepo mapewa a amalume anali akugwedezekabe, koma chipewa anali ataphimba nacho kumaso.

Anthu anaomba m'manja nthawi yaitali. Wopeka anaimirira n'kuwerama, makutu ali psu. Ine ndinazemba tiyi ndi makeke n'kutuluka panja. Ndinawapeza amalume atakhala pa kakhoma pansi pa mtengo, msuweni wanga atapita kukafuna madzi.

"Amalume, ndalakwitsa ndine," ndinatero. "Sindinawafotokozere bwino. Mundikhululukire."

"Poyamba ndinaseka," anatero. "Ndinati azunguwa atani, wopita akutsanzika ngati wotsala. Koma amayi, mnyamata ameneyu anamuuza ndani?"

"Anamuuza chiyani?"

"Za ine. Tsiku lija pamsewu ndinkayesa wopita ndine. Ndinkati mudzi ukhala pomwepo, ndikadzafuna ndidzaupeza. Koma taonani. Abambo anapita. Amayi anapita. Mlongo wanga, mayi wanu, anapita. Anzanga a ku mgodi onse anapita, wa bawo uja naye anapita. Amene anatsala pamsewu ndi sutikesi ndine. Onse aja ankandiuza kuti tsalani bwino, ine osamva."

Anatsokomola nthawi yaitali. Ine misozi inali ikungotsika, ndipo sindinaipukute. Zaka zonsezo ndinkawaona ngati munthu amene anatithawa. Sindinaganizepo kuti munthu angathawe n'kukhala wosiyidwa yemweyo.

"Musaikonze," anatero atapeza mpweya. "Muziimba choncho. Koma tsiku langalo mudzabwere nawo anzanuwa, ndipo tsiku limenelo mudzaitembenuze. Pamenepo wopita ndidzakhala ine ndithu. Mawu ake ndi ofanana kutalika, simudzavutika. Mwamva, amayi?"

Ndinati ndamva. Kuvomera kunali kosavuta pansi pa mtengo paja.

Nyimboyo tinaiimbanso kanayi. Tinaiimba m'tchalitchi china ku Queenswood, kunyumba yosungirako okalamba kumene agogo ena analira mpaka anawatulutsa, pa konsati ya Khirisimasi, ndiponso chaka chitayamba. Paliponse anthu ankaikonda kuposa zina zonse, ndipo ankabwera kudzandigwira dzanja kuti chilankhulo changa n'chokoma. Ine ndinkangoti zikomo. Ndinali ndisanauzebe aliyense, ndipo za pempho la amalume ndinkati ndidzanena Loweruka likubweralo. Nanga ndikanayamba bwanji? Kuti anzanga, chaka chonse mwakhala mukuimba chotembenuza ine ndikudziwa, ndiye tsopano ndikupempheni mudzabwere ku lokeshoni kumene ambiri a inu simunapondeko, kudzaimbira munthu amene simukumudziwa? Loweruka linkafika, n'kudutsa.

Chisanu chitayamba chifuwa cha amalume chinakula. Fumbi la ku mgodi silichoka mwa munthu, limangodikira. Anasiya kukhala pakhonde, kenako anasiya kuima pawindo, koma anauza msuweni wanga kuti asunthire bedi pafupi ndi windolo ndipo azilisiya lotsegula pang'ono. Ndikati, "Ndapita amalume, tsalani bwino," yankho linkabwera mochedwa, lopyapyala, koma linkabwera. Tsiku lina anawonjezera kuti, "Anzanu aja munawauza?" Ndinati ndiwauza sabata yomweyo. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Anamwalira Lachiwiri cha m'ma teni m'mawa, ine ndikuyanika zovala ku Queenswood. Msuweni wanga anaimba foni, ndipo ndinakhala pansi pa udzu, mapegi ali m'manja. Maliro anawaika Loweruka m'mawa, monga amachitira kuno. Panalibenso pulakatisi yoti ndidikire.

Lachitatu ndinapita kunyumba kwa kwayamasitala. Ndinakana kukhala pansi. Ndinamuuza zonse ndili chiimire m'khitchini mwake, za envulopu, za liwu limodzi lija, za bodza limene ndinauza namwino, ndi zimene amalume ananena pansi pa mtengo. Anamvetsera osandidula. Kenako anandifunsa chifukwa chimene sindinanenere tsiku loyamba lomwe lija.

"Ndinkaona ngati si malo anga," ndinatero.

Nkhope yake inagwa. Anati zaka zisanu ndi chimodzi ndaima pamzere wake, ndiye ngati ndinkaonabe choncho, cholakwa si changa ndekha. Anasolola pensulo m'tsitsi, n'kutenga pepala la nyimbo, n'kukhwatcha mawu awiri, n'kuwalemba mosinthanitsa. Ntchito imene inandilemera chaka chathunthu inatha madzi a m'ketulo asanawire. Anati atumiza uthenga kwa onse, koma sangalonjeze kuti abwera angati.

Anabwera khumi ndi asanu, ndi wopeka yemwe. Anafika pa magalimoto anayi, atavala zakuda za konsati, mafayilo m'manja, akuponda mosamala m'fumbi la msewu wathu. Anthu a m'tenti anatembenuka onse, ndipo ndinamva mayi wina akufunsa mnzake ngati mkuluyu anali ndi mlandu ndi boma. Abwana anga anakakhala pakati pa amayi a mvano, n'kupatsidwa bulangeti la pamiyendo. Wopeka anabwera kwa ine akufuna kupepesa, koma ndinamuuza kuti amalume anati iyeyo ndi amene anawadziwa bwino kuposa ife abale awo.

Kumanda kunali mphepo yozizira ndi fumbi lofiira. Manda akuno si ngati akwathu, kumene adzukulu amakumba okha ndipo mudzi wonse umakhala pa maliro amodzi. Kuno amakumba ndi makina, maenje ali pamzere, ndipo tsiku limenelo panali maliro ena anayi pafupi nafe, aliwonse ndi nyimbo zake. Abusa atamaliza, bokosi litatsika, msuweni wanga anandigwedezera mutu. Tinaima mozungulira kumutu kwa dzenje. Bambo wa besi anandinong'oneza kuti kodi ayende kulowera kuti poimba mbali yake.

"Musaimbe," ndinatero. "Mawu amenewo lero ali ndi mwini wake."

Kwayamasitala anamva, ndipo anangogwedeza mutu. Tinaimba gawo la Chichewa lokha. Anakweza dzanja, ndipo pamalo pamene wopita amayenera kunena kuti tsalani bwino, anawerenga ndi dzanja lake mwakachetechete, kamodzi, kawiri, mpaka kasanu ndi katatu, ife tonse titatseka pakamwa. Kunkamveka mphepo, ndi nyimbo za maliro a anthu ena, ndi khasu la munthu wina patali. Kenako anatsitsa dzanja, ife n'kuyankha, "Pitani bwino, mukafike." Tinatero katatu, ndipo katatu konse tinawasiyira amalume mpata wawo. Ulendo womaliza mawu anayenera kuchepa mmodzimmodzi monga mwa nthawi zonse, koma ine ndinalephera kutsitsa. Ndinaimba ndi mawu akwathu, aja omveka kutsidya kwa mtsinje, ndipo kwayamasitala sanandiletse.

Chimene ankaopa chija sichinachitike. Analowa m'dothi la eni ndi mawu a kwawo, otchulidwa ndi madokotala ndi wokonza mafiliji, okhota pang'ono, koma omveka. Ndinayesa kuti zimenezi zindipepuza mtima, ndipo zinandipepuzadi, mpaka Lolemba.

Lolemba m'mawa ndinadzuka, ndinavala, ndinatseka chipinda changa. Miyendo inanditengera pawindo paja yokha. Katani anali wotseka. Ndisanaganize n'komwe pakamwa panga panati, "Ndapita amalume, tsalani bwino." Nditazindikira ndinaima pomwepo ngati chitsiru, chikwama m'manja, ndipo ndinapezeka ndikuwerenga mumtima monga anachitira kwayamasitala kumanda kuja. Ndisanafike kasanu ndi katatu katani anasuntha. Anali msuweni wanga, maso otupa, atafunda bulangeti la bambo ake. Zaka zonsezo ankatimva tikutsanzikana m'mawa uliwonse, iye ali kukhitchini. Anatsegula windo, n'kuyesa kukonza milomo yake.

"Tsalani bwino, sisi," anatero.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndimukonze, koma iye anafulumira kundiuza m'Chingerezi kuti akudziwa kuti bambo ake ankanena mawu ena aja, koma iye sangathe kundinenera, chifukwa anawamva kumanda ndipo safuna kuti ndipite.

Sindinamukonze. Ndinaima pamenepo n'kuwerenga zaka zanga za ku Joni, ndi maliro a kumudzi amene ndinangowamvera pa foni, ndi ana a mng'ono wanga amene amandidziwa pa chithunzi chokha. Inenso ponyamuka ndinkati ndikupita zaka ziwiri basi, mudzi ndidzaupeza pomwepo. Ndinamuuza msuweni wanga kuti zikomo, liwu limene amalidziwa, n'kupita kukakwera takisi.

Nyimbo ija tikuimbabe. Kwayamasitala anandifunsa kuti pa makonsati tiziimba iti, yokonzedwa kapena yoyamba ija. Ndinamuuza kuti afufute pensulo yake.